Mabuku a Chiarabu ndi Nyumba ya Amayi ku Ndirande

Amayi anabwera ku Nairobi chaka chimene ndinamaliza maphunziro, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo anabwera nyumba yathu ya ku Ndirande ili kale pamalonda. Bambo anali atamwalira. Amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, anali atagamula kuti mkazi wamasiye sangakhale yekha m'tauni ngati wopanda abale, choncho agulitse nyumba abwerere kumudzi ku Ntcheu. Wogula anali atapezeka. Chotsala chinali choti amayi adzaone mwana wawo akulandira digiri, akwere basi yobwerera, akasaine mapepala. Amalume atandiuza pafoni ine ndinavomera, ndipo ndinkaona kuti ndi nzeru. Aliyense amene ndinkamudziwa akanavomeranso chimodzimodzi.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Pangani, dera lina la mu Nairobi, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala, pamodzi ndi mnzanga wa ku Mangochi. Iye anali Msilamu, ine wa kutchalitchi, ndipo tinkaphikira pa chitofu chimodzi cha palafini popanda kukangana, kupatula pa nkhani ya mchere, umene iye ankathira ngati akufuna kuyanika ndiwozo padzuwa. Ine ndinkakwera matatu, omwe ndi maminibasi a kumeneko, kupita ku koleji cha ku Madaraka. Iye ankaphunzira Chiarabu pa koleji ina ya Chisilamu. Chiarabu cha mapemphero anachidziwa ali mwana ku madrasa, koma aphunzitsi ake anamuuza kuti lilime silikula ndi mapemphero okha, afune mabuku a nkhani zopeka olembedwa ndi anthu a masiku ano. Mabukuwo anawapeza pafupi kuposa momwe ankaganizira.

Kuseri kwa msewu wathu kunali tiyirumu ya bambo wina wa ku Sudan. Kwawo anali mphunzitsi wa sekondale mumzinda wa Omdurman, ndipo anathawako zinthu zitavuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ankagulitsa tiyi wa zonunkhiritsa, buledi, ndi nyemba zazikulu zosinja zothira mafuta. Kumbuyo kwa kauntala kunali mashelefu a mabuku a Chiarabu amene apaulendo ankamubweretsera, ena akuda m'mbali chifukwa cha utsi. Munthuyo anali wokakamira. Buku lake silinkatuluka pakhomo, ngakhale umulonjeze chiyani. Wofuna kuwerenga ankakhala pa tebulo la pakona, n'kugula tiyi. Ndiye Lamlungu lililonse masana mnzanga ankapita kukawerenga, ine n'kumuperekeza chifukwa chosowa chochita. Ankawerenga ndime mokweza m'Chiarabu kuti mwini mabukuyo amukonze, kenako n'kunditembenuzira m'Chichewa kuti ndisagone.

Poyamba mabukuwo ankanditopetsa. Ndinkadikira kuti nkhani iyambe, wina akwatire kapena aphedwe, koma wolemba ali pa msewu basi. Masamba angapo ankatha akufotokoza kanjira kamodzi ka mu Cairo, wometa tsitsi amene amatsegula mochedwa, khonde limene mayi wina amatsitsirapo dengu ndi chingwe kuti agule ndiwo osatsika masitepe. Buku lina linali la munthu wobwerera ku Beirut nkhondo itatha, amene anasokera m'dera lobadwira chifukwa nyumba zimene ankadziwira njira zinali zitagwa. Lina linali la ku Baghdad, ndipo mtsinje wodutsa mumzindawo unkatchulidwa kawirikawiri kuposa mkazi wa mwini nkhaniyo. Ndinamuuza mnzanga kuti anthu awa akanangojambula mapu n'kutisiya ife tipume.

Koma pang'onopang'ono khutu linazolowera. Ndinayamba kuona kuti m'mabuku amenewo mzinda sunali pongochitikira nkhani. Unali ngati wachibale, woti umamudandaula, umamunyoza, koma wina akamunyoza umapsa mtima. Anthu ake ankaukwiyira chifukwa cha fumbi, apolisi ndi lendi, kenako akauchoka n'kumaulira. Boma likasintha wolemba sankayamba ndi nduna. Ankayamba ndi malo omwera khofi amene anthu aleka kulankhuliramo mokweza. Umphawi unkaoneka pa masitepe a nyumba yosanja, amene ali pansi ndi amene ali pamwamba. Ngakhale chikondi chinali ndi adiresi yake. Ndinkachita nsanje, ndipo sindinkadziwa kuti nsanjeyo ikuchokera pati, poti mabuku amene ndinawerenga kusukulu kwathu ankati tauni ndi kumene mnyamata wabwino amapita kukaonongeka.

Tsiku lina bambo wa ku Sudan uja anandifunsa kwathu. Tinkalankhulana m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, chake chothyokathyoka ngati changa chomwe. Ndinamuyankha momwe Mmalawi aliyense amayankhira. Ndinatchula boma la Ntcheu, mfumu yaikulu ndi mudzi.

“Kumeneko m'mawa kumamveka chiyani?” anafunsa.

Ndinati nkhuku, poti kumudzi kulikonse kuli nkhuku. Zoona zake n'zoti kumudziko ndinali nditapitako maulendo owerengeka, pa tchuthi, ndipo ana a kumeneko ankatiseka kuti sititha kusenza ndowa yopanda nkhata.

“Munabadwira kuti?”

“Ku Blantyre.”

“Sukulu?”

“Ku Blantyre komweko.”

“Ndiye ndinu wa ku Blantyre, bwanji mukundinamiza?”

Zinandipsetsa mtima. Ndinamuuza kuti kwathu munthu sachokera m'tauni. M'tauni ndi kuntchito. Makolo athu anapitako kukafuna ndalama ya msonkho, ndipo azungu sanawamangire malo oti akalambirepo. Ntchito ikatha, tauni imakulavula. Chimanga chimachokera kumudzi, ndipo ana ako akavutika amathawira komweko. Wonena kuti kwawo ndi ku Blantyre timamuyang'ana kawiri, timati mwina makolo ake anachita zoipa n'kuthamangitsidwa. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mnzanga anavomereza ndi mutu, ngakhale iyenso anakulira ku Limbe, Mangochi ankangoimva m'kamwa mwa agogo ake.

Bamboyo anamvetsera, n'kunena kuti mwina tili ndi mwayi, poti amene ali ndi mudzi wothawirako salemba mabuku olira mizinda. Koma musaganize kuti anali wanzeru kuposa ife. Munthu yemweyo, amene ankatha kutchula masitolo a msewu wa kwawo ku Omdurman motsatana osaphonya, sankadziwa dzina la msewu wodutsa kuseri kwa tiyirumu yake. Nairobi ankaitcha malo odikirira. Anakhalamo zaka zoposa khumi akudikira, ana ake akulankhula Chiswahili cha mumsewu chimene iye sankachimva. Ndinamuuza kuti iye amakonda mzinda akausiya, ife timakana mzinda tili momwemo, ndiye palibe woseka mnzake. Anaseka, koma tiyi sanandichotsere mtengo.

Amayi anafika ndi basi yodzera ku Tanzania, miyendo itatupa, atanyamula ufa woyera, usipa ndi thumba la mtedza. Ndinali nditakonzeka kuwagwira dzanja powoloka misewu, poti Nairobi si Blantyre. Ndinadzivutitsa chabe. Sabata isanathe anali atadziwa kufunsa kuti “bei gani” pofuna kudziwa mtengo, ndipo akauzidwa ankagwira pakamwa n'kubwerera m'mbuyo ngati atukwanidwa, mpaka wogulitsa n'kutsitsa yekha. Kondakitala wa matatu atafuna kuwapanikiza pampando wodzaza kale, anamukalipira m'Chichewa, mnyamatayo n'kumva zonse. Zaka zoposa makumi atatu akugulitsa nsalu mumsika wa Ndirande zinali zitawaphunzitsa zimene koleji sinandiphunzitse ine. Mnzanga anati, “Amayiwa ukuti akupita kumudzi? Akakalipira ndani kumeneko, mbuzi?”

Mwambo wa digiri utatha, banja lina la Amalawi ogwira ntchito kubungwe la mayiko ambiri linatiitanira chakudya chamasana kunyumba kwawo ku Runda. Kumeneko nyumba zili m'mipanda yaitali, pageti pali alonda, ndipo mumsewu simuyenda munthu wapansi kupatula antchito. Panali Amalawi ambiri, ndipo monga mwa chizolowezi aliyense ankafunsa mnzake kwawo. Ankatchula Rumphi, Dedza, Mulanje, Nkhotakota. Ambiri ankamanga nyumba zamalata kumudzi zimene mpaka lero ndikukayika ngati anagonamo mwezi wathunthu. Atawafunsa amayi, iwo anayankha mwaulemu kuti ndi a ku Ntcheu, ndipo akupita kukakhala komweko.

“Mwachita bwino, amayi,” anatero mwini nyumba. “Tauni ndi ya ana. Inu mukapume.”

Onse anavomereza. Amayi anawomba m'manja pang'ono n'kuthokoza. Pobwerera, tili pa siteji, anayang'ana mipanda ija n'kundifunsa kuti, “Kodi anthu a kuno amadziwa bwanji kuti mnzawo wadwala?” Nthawi yomweyo matatu inafika, tinakwera.

Lamlungu lotsatira, lomwe linali lomaliza asananyamuke, tinawatenga ku tiyirumu. Sanafune kutsala okha m'chipinda. Bambo wa ku Sudan anawalandira ndi ulemu waukulu, dzanja pachifuwa, akuti “karibu mama”, n'kuwapatsa mpando wokhawo umene sunkagwedera. Tiyi anamulawa n'kundinong'oneza kuti akununkha mankhwala a chifuwa, koma anamwa yense. Mnzanga anatsegula buku limene anali pakati kuliwerenga. Linali la ku Sudan komweko, ndipo ndime ya tsikulo inkangofotokoza msewu wina ukudzuka m'mawa. Woyamba anali wogulitsa mkaka ndi bulu wake. Kenako mayi wophika tiyi pansi pa mtengo ankakoleza makala, telala ankatsokomola asanatsegule chitseko, ana a sukulu n'kutuluka akukokana malaya. Mnzanga ankawerenga m'Chiarabu, n'kunena m'Chichewa, amayi ali phee, manja pa chitenje.

Atafika pa ana a sukulu, amayi anadula.

“Wolembayo ndi mwamuna eti?”

Mnzanga anati inde.

“Ndaona. Wadzuka mochedwa. Nanga madzi a tiyiwo anatunga ndani? Msewu suyamba ndi mkaka, umayamba ndi pampopi.”

Tinaseka, ndipo bambo uja anafuna kudziwa chimene chanenedwa. Nditamumasulira anadzuka pampando, n'kunena kuti mama anene, kwawoko msewu umayamba bwanji. Ndinkayembekeza kuti amayi achita manyazi. Anakonza mpango kumutu n'kuyamba.

Anati kusanayere kumamveka ndowa pamzere wa pampopi, ndipo ndowa iliyonse amaidziwa mwini wake ndi kulira kwake. Ya mayi wa kwaya ili ndi chogwirira chawaya, imalira mosiyana. Kenako amuna a m'mafakitale amatsika phiri ali gulu, osalankhula, mapazi okha. Bambo anu, anatero akundiyang'ana, ankatuluka gululi likafika pa mtengo wa mapeyala, osati lisanafike. Pambuyo pake chigayo chimayamba, ndipo magetsi m'nyumba amaphethira. Okhoma zidebe amayamba dzuwa litatuluka, wa kumtunda ndiye woyamba, ndipo tsiku limene sanayambe anthu amatuma mwana kukaona. Anatchula mlatho wa pa mtsinje wa Nasolo umene madzi amaukwera mvula ikagwa kuphiri, ndi mwala umene umayenera kupondapo kuti usaterereke. Anatchula gogo wogulitsa zitumbuwa amene anawabwereka mbale tsiku limene anafika m'tauni ali mtsikana wongokwatiwa kumene, alibe ngakhale chipande. Anatchula amayi a mvano amene anagona nawo pansi sabata yonse bambo atamwalira. Anatchula amene amaba nkhuku, amene aliyense amamudziwa, koma samunena chifukwa ndi yemweyo amene amanyamula odwala kupita nawo kumsewu.

Ine ndinkamasulira m'Chingerezi mpaka pakamwa panauma, mnzanga n'kundilandira m'Chiarabu. Tiyi wa ine ndi mnzanga anazizira. Makasitomala awiri analowa, n'kudikira, n'kutuluka osathandizidwa. Bambo uja ankangoti, “Kenako? Kenako?” Pena ankatsutsa kuti kwawo okhoma zitsulo saloledwa kuyamba m'mawa chotero, amayi n'kuyankha kuti ndiye kwanuko ndi aulesi.

Ndinakhala pamenepo ndikumva chisoni chimene sindinachiyembekezere. Zonse zimene ankanenazo ndinkazidziwa, ndinakulira momwemo, koma ndinali ndisanamvepo munthu akuziyala motero, ngati zinthu zoyenera kunenedwa. Ndinayesa kukumbukira ngati amayi anakambapo za kumudzi mwa njira imeneyi. Za kumudzi ankakamba, inde, koma zinali za ubwana wawo, za anthu amene ambiri anapita kale, ndi za minda imene tsopano ankalima ana a amalume. Anthu amene ankadziwa kuti amayi sadya therere lothira soda wambiri, kuti bondo lawo lamanzere limavuta kukazizira, onse anali ku Ndirande.

Amayi atamaliza, bambo uja anafunsa dzina la malowo, n'kuyesa kulitchula, lilime likukana. Kenako anafunsa ngati mama akubwerera kumeneko. Ndinazengereza kumasulira funsolo, koma amayi anali atalimva kale pankhope yake.

“Muuze kuti ndikukagulitsa,” anatero. “Ndikupita kwathu.”

Ndinamuuza. Anatenga makapu n'kupita nawo kumbuyo, ndipo anakhalitsako kuposa nthawi yotsukira makapu atatu.

Tinabwerera kuchipinda kwathu. Madzulo amayi anaphika, anadya pang'ono, n'kuyamba kulongedza katundu ngakhale ulendo unali usanafike. Ine ndinkafuna kunena kanthu koma ndinkaopa. Nkhani ya nyumba inali ya iwo ndi alongo awo, ndipo mwana wamkazi, ngakhale wa digiri, salowerera pamene eni mbumba agamula. Komanso mawu anga ndinali nditapereka kale kwa amalume. Mnzanga anandikoka kukhonde n'kundinong'oneza kuti, “Iwe, usawakankhe. Akudziwa okha.”

M'mawa mwake, nditabwera kosamba, ndinawapeza atavala kale chitenje chawo cha kutchalitchi ndi nsapato.

“Kodi kuno foni yoimbira kumudzi imapezeka kuti?”

Masiku amenewo mafoni a m'manja anali a anthu ochepa. Tinkaimbira m'kachipinda kena pafupi ndi siteji, momwe mayi wa Chikenya ankakuimbira nambala n'kukupatsa foni, iye n'kumayang'ana wotchi. Amalume analibe foni. Tinaimba ku golosale ya pa malo ochitira malonda pafupi ndi mudzi, n'kupempha kuti akawaitane, ndipo tinadikira pabenchi panja, amayi akuyang'ana matatu akulimbirana anthu. Titaimbanso, amalume anali atafika. Kachipindako kanali kopanikiza, ndipo mawu awo ankamveka bwinobwino ngakhale kwa ine.

Anayamba ndi moni wautali monga mwa mwambo. Anafunsana za ana, za mvula, za chifuwa cha alamu. Mayi wa Chikenya uja ankandiyang'ana ngati akufunsa kuti anthu a kwanu amaimba foni yakunja kuti afunse za mbuzi. Kenako amayi anakhosomola.

“Achimwene, nyumba ija sindigulitsa.”

Amalume anachita ngati sanamve bwino.

“Mwati bwanji, achemwali?”

“Ndati sindigulitsa. Munthu uja mumuuze afune kwina. Pepani kuti ndakuvutitsani.”

Amalume sanali munthu woipa, ndipo sanakalipe. Analankhula modekha, ngati akunyengerera mwana wodwala kuti amwe mankhwala. Anati malo awasungira pafupi ndi nyumba yawo, njerwa zaumbidwa kale. Anati anthu adzati chiyani, kuti mlongo wawo akukalambira m'tauni abale ali moyo. Anafunsa ngati ndine ndawasokoneza mutu ndi maphunziro anga. Amayi anati mwanayu sananene kanthu, ndipo zinali zoona. Anati kumudzi adzabwera nthawi yokolola, adzabwera pa maukwati, sakukana abale. Koma kokhala ndi ku Ndirande, chifukwa ndi kumene anthu angadziwe ngati sanadzuke.

Amalume anapuma mozama. Kenako anafunsa funso limene ndikuganiza kuti analisunga kuti likhale lomaliza, loti munthu sangaliyankhe.

“Nanga tsiku limene Mulungu adzakuitaneni, achemwali, tidzatani? Mudzagona pakati pa alendo?”

Amayi anagwiritsa foni n'kuyankha.

“Tsiku limenelo mudzabwere kudzanditenga, achimwene. Sindidzakana.”

Anandipatsa foni kuti nditsanzike, koma amalume anali ataiika kale pansi. Tinatuluka. Panja amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti tidzere kumsika, akufuna kugula nsalu zingapo za kuno akayese ngati zingayende malonda.

Amayi anakhala m'nyumba ija zaka zina zambiri, akukangana ndi a pampopi, akudandaula za utsi ndi akuba. Amalume anakwiya chaka chimodzi, kenako anayamba kumafikira komweko akabwera kuchipatala ku Blantyre. Ine ndinapeza ntchito ku Nairobi, ndipo ndinali komweko pamene uthenga wa maliro a amayi unandipeza. Nditafika ku Ndirande ndinapeza amalume ali kale pakhomo, atakalamba, ndodo m'manja, lole itaima pamsewu. Anthu a m'dera lathu anakwera mpaka malo anatha, ena n'kutsala akulira m'mbali mwa njira. Tinawatenga amayi kupita nawo ku Ntcheu, ndipo monga ananenera, sanakane.